Purosesa yosewerera magemu: pamene ndalama imagula liwiro ndi pamene imangotayika

Amene akufuna kumanga kompyuta ya pa desiki yosewerera magemu amakonda kuyamba ndi funso lakuti, kodi purosesa yamphamvu kuposa zonse ndi iti? Yankho lake lilipo, koma limathandiza munthu yekhayo amene thumba lake lilibe malire. Kwa ena tonse funso loyenera ndi ili: pa magemu amene ndimasewera, pa sikirini imene ndili nayo, ndi purosesa iti yotsika mtengo kwambiri imene singachedwetse graphics card yanga? Kwacha iliyonse yopyola pamenepo ikanagwira ntchito yaikulu ikanapita ku graphics card, ku sikirini, kapena ku UPS, bokosi la batire limene limathandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima.

Zimene purosesa imachita pa fulemu iliyonse

Gemu imaoneka ngati ikuyenda chifukwa kompyuta ikujambula zithunzi zambiri zotsatizana pa sekondi iliyonse. Chithunzi chimodzi ndi fulemu, ndipo chiwerengero cha mafulemu pa sekondi ndicho osewera amati FPS. Fulemu iliyonse imadutsa m'manja awiri. Purosesa ndiyo imayamba: imawerengera pamene wosewera aliyense waima, kumene chipolopolo chalowera, chimene adani a mu gemu achite, mmene mpira wadundira, kenako n'kupereka malangizo a zoyenera kujambulidwa. Graphics card imalandira malangizowo n'kupaka utoto pa kadontho kalikonse ka sikirini.

Zili ngati ku chigayo. Chigayo chikule bwanji, ufa sungatuluke woposa chimanga chimene wothira akuthira. Komanso wothira afulumire bwanji, chigayo chaching'ono chigaya pa mlingo wake basi, chimanga n'kumangodikira m'ndowa. Wochedwa pa awiriwa ndiye amalamula liwiro la ntchito yonse.

Nthawi imene awiriwa ali nayo ndi yochepa zedi. Pa 60 FPS fulemu iyenera kukhala itakonzeka m'mamilisekondi 16.7. Pa 144 FPS nthawiyo imatsika kufika pa 6.9, ndipo pa 240 FPS ndi 4.2 yokha. Pafupifupi purosesa iliyonse ya zaka zaposachedwa imakwanitsa ntchito yake m'mamilisekondi 16.7 pa magemu ambiri. Pa 4.2 ndi pamene mapurosesa amasiyana zenizeni.

Tsopano mfundo imene imasintha kawerengedwe konse: ntchito ya purosesa sisintha kwenikweni mukakweza kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi. Adani 50 amakhalabe 50, kaya mukusewera pa 1080p kaya pa 4K. Koma ntchito ya graphics card imakula kwambiri. 1080p ili ndi timadontho 2,073,600, 1440p ili ndi 3,686,400, ndipo 4K ili ndi 8,294,400, kanayi kuposa 1080p. Choncho purosesa imaika denga la FPS pa gemu iliyonse, denga limene limakhala pafupifupi pomwepo pa sikirini iliyonse, ndipo graphics card imafika padengapo kapena imalekera pansi. Ngati purosesa yotchipa ingathe mafulemu 130 pa gemu inayake, yodula ingathe 190, koma graphics card yanu pa 1440p ikungokwanitsa 85, mapurosesa onse awiri akupatsani 85. Mwalipira denga limene mutu wanu sudzaligunda.

Apa ndi pamene matchati a akatswiri oyesa zipangizo amasocheretsa anthu, ngakhale alibe bodza. Oyesa amalumikiza purosesa ku graphics card yamphamvu kwambiri pa msika, n'kuyesa pa 1080p, dala, kuti graphics card isakhale yochedwetsa. Akutero kuti aone denga la purosesa. Kusiyana kwakukulu kumene mukuona pa tchatipo ndi koona, koma simudzakuona kwanu ngati graphics card yanu ndi yapakatikati. Werengani tchati chotere: pezani gemu yanu, onani denga la purosesa imene mukuiganizira, kenako pezani tchati china cha graphics card yanu pa sikirini ya mlingo wanu. Nambala yaing'ono pa ziwirizo ndiyo mudzaipeze.

Pa matchati omwewo musangoyang'ana avereji. Pali nambala ina yolembedwa kuti 1% low, yosonyeza liwiro pa mphindi zoipitsitsa. Gemu ya avereji 100 imene imagwa kufika pa 40 bomba likaphulika imamveka yodukiza kuposa ya avereji 80 imene sitsika pansi pa 65. Kudukiza kumeneku nthawi zambiri kumachokera ku purosesa kapena RAM (memory imene kompyuta imasungamo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo), ndipo ndicho chifukwa chabwino kwambiri cholipirira purosesa yabwinoko.

Mmene mungadziwire chimene chikuchedwetsa kompyuta imene muli nayo kale

Musanagule kanthu, yesani. Ikani pulogalamu ya MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner imene imabwera nayo, muyatse zoonetsa FPS ndi kuchuluka kwa ntchito ya graphics card pakona ya sikirini. Zimitsani V-Sync, imene imamangirira FPS ku liwiro la sikirini, ndi malire aliwonse a FPS. Lowani pamalo otanganidwa a gemu, pamene pali anthu ambiri kapena nkhondo, osati pa menyu. Ngati graphics card ikukhala pa 95 mpaka 99 peresenti, ndiyo yafika pamapeto pa mphamvu zake, ndipo purosesa yatsopano sidzasintha zambiri. Ngati ikuyendayenda pa 60 kapena 70 peresenti FPS ili yotsika, ikudikira purosesa.

Kuti mutsimikize, tsitsani chithunzi kufika pa 720p osasintha china chilichonse. FPS ikakwera kwambiri, chochedwetsa chinali graphics card. Ikangokhala pomwepo, mwagunda denga la purosesa.

Musakhulupirire peresenti ya purosesa imene Task Manager imaonetsa. Purosesa ili ndi ma core, tizigawo togwira ntchito patokha, ndipo core iliyonse imayendetsa mzere umodzi kapena iwiri ya ntchito, yotchedwa ma thread. Magemu ambiri amatsamira pa thread imodzi kapena ziwiri zazikulu. Pa purosesa ya ma thread 16, thread imodzi yodzaziratu imaoneka ngati 6 peresenti yokha ya mphamvu zonse. Munthu amaona 35 peresenti n'kumati purosesa ikupuma, pamene core imodzi imene gemu ikudalira yatheratu mpweya.

Ma core, ma GHz ndi cache

Ogulitsa amakonda kutchula kuchuluka kwa ma core chifukwa ndi nambala yosavuta kuiyerekeza. Pa magemu, ma core 6 amakono okhala ndi ma thread 12 ndi okwanira pa magemu ochuluka. Ma core 8 amapereka mpata wopumira, ndipo PlayStation 5 ndi Xbox Series X, zimene opanga magemu ambiri amaziganizira poyamba, zili ndi ma core 8 a mtundu wa Zen 2. Kupyola 8, phindu pa magemu limachepa msanga. Ma core 12 kapena 16 ndi a munthu wokonza mavidiyo, wojambula za 3D, kapena wolemba mapulogalamu akuluakulu. Ma core 4, monga a Core i3-12100F, amayendetsabe magemu ambiri, koma pa magemu atsopano akuluakulu 1% low yake ndiyo imayamba kugwa.

Kwa Intel muyenera kuwerenga mosamala. Kuyambira m'badwo wa 12, mapurosesa ambiri ali ndi ma core a mitundu iwiri: akuluakulu otchedwa P ndi ang'onoang'ono otchedwa E. Core i5-14400F imalembedwa kuti ili ndi ma core 10, koma 6 okha ndiwo a P, ndipo amenewo ndiwo amanyamula gemu. Ma E anayiwo amathandiza pa ntchito za kuseri monga Discord ndi browser. Musaiyerekeze ndi purosesa ya ma core 10 ofanana.

Ma GHz, mlingo wa kugunda kwa purosesa pa sekondi, nawo amangothandiza poyerekeza mapurosesa a banja limodzi. Purosesa ya 2017 yothamanga pa 4.5 GHz imagonja kutali kwa ya 2023 yothamanga pa liwiro lomwelo, chifukwa yatsopanoyo imamaliza ntchito yambiri pa kugunda kulikonse. Chimodzimodzi dzina: "i7" payokha sinena kanthu. Core i7-7700 ya 2017 ili ndi ma core 4, ndipo Core i3-12100 ya 2022, ya ma core 4 omwewo, imaiposa. Yang'anani m'badwo, manambala oyambirira a dzinalo, musanayang'ane kuti ndi i5 kapena i7.

Chimene chasintha msika kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi cache. Iyi ndi nkhokwe yaing'ono yofulumira kwambiri imene ili mkati mwa purosesa momwe. Purosesa ikapeza chimene ikufuna mu cache yake yaikulu, yotchedwa L3, imadikira ma nanosekondi 10 mpaka 15. Ikachisowa n'kupita kukachitenga ku RAM, imadikira 60 mpaka 80, nthawi zina kuposa. Magemu amadumphadumpha m'zinthu zambiri zomwazikana, choncho purosesa imathera nthawi yochuluka ikungodikira. AMD idapeza njira yosanjikiza cache ina ya 64 MB pa chipu, n'kuitcha 3D V-Cache, ndipo maina a mapurosesa okhala nayo amathera ndi X3D. Yoyamba inali Ryzen 7 5800X3D ya mu Epulo 2022, yokhala ndi L3 ya 96 MB pamene 5800X wamba ili ndi 32 MB. Idali yotsikirako pa ma GHz kuposa mnzakeyo, komabe pa magemu ambiri idamusiya kumbuyo. Kenako kudabwera 7800X3D mu Epulo 2023 pa mtengo wa madola 449, ndi 9800X3D mu Novembala 2024 pa madola 479. Pa 9800X3D cache idaikidwa pansi pa ma core m'malo mwa pamwamba, kotero kutentha kumatuluka mosavuta ndipo purosesa imathamanga kwambiri. Poyerekeza, Core i9-14900K ili ndi L3 ya 36 MB.

Koma cache sithandiza magemu onse mofanana. Imaonetsa mphamvu zake pa magemu owerengera zinthu zambiri nthawi imodzi: Microsoft Flight Simulator, magemu a mpikisano wa magalimoto ofanizira zenizeni, Factorio, magemu a pa intaneti okhala ndi osewera ochuluka pamalo amodzi, ndiponso Counter-Strike 2 ndi Valorant kwa ofuna mafulemu mazanamazana. Kwa wosewera EA Sports FC pa sikirini ya 60 Hz, yoonetsa zithunzi 60 zokha pa sekondi, X3D ndi ngati kugula lole yonyamulira thumba limodzi la chimanga.

Chenjezo lina pa banja lomweli: Ryzen 9 7950X3D ndi 7900X3D zili ndi ma core ogawidwa m'zigawo ziwiri, ndipo chigawo chimodzi chokha ndicho chili ndi cache yowonjezerayo. Windows iyenera kukankhira gemu ku chigawo choyenera kudzera mu ma driver a chipset ndi Game Bar. Zikasokonekera, purosesa yodulayo imagonja kwa 7800X3D yotchipirapo. Ngati cholinga ndi magemu okha, ya ma core 8 ndiyo yopanda mavuto.

Cache yomweyi ikufotokoza msampha wina wa kumunsi kwa msika. Ryzen 5 5600 ili ndi L3 ya 32 MB, pamene 5600G ndi 5500 zili ndi 16 MB zokha. Maina akufanana, ma core ndi 6 onse, koma mukalumikiza graphics card, 5600 imapambana moonekeratu. Kuwonjezera apo 5600G ndi 5500 zimalekera pa PCIe 3.0, mtundu wakale wa njira zolumikizira graphics card ku purosesa. Izi sizivuta kwambiri ndi graphics card yogwiritsa ntchito njira zonse 16, koma ina monga Radeon RX 6500 XT ili ndi njira 4 zokha, ndipo pa PCIe 3.0 imafooka kwambiri.

Mtengo weniweni ndi wa zinthu zitatu

Purosesa siigulidwa yokha. Imasankha soketi (malo amene imakhalapo), soketi imasankha motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse), motherboard imasankha mtundu wa RAM. Poyerekeza mitengo, phatikizani zitatuzi, ndipo ngati purosesa sibwera ndi choziziritsira m'bokosi, onjezaninso chimenecho.

AM4 ndi soketi yakale ya AMD imene idanyamula ma Ryzen kuyambira 2017 mpaka banja la 5000. Imagwiritsa ntchito RAM ya mtundu wa DDR4. Kwa amene ali nayo kale motherboard ya B450 yokhala ndi Ryzen 1600, 2600 kapena 3600, kapena ya B550 yokhala ndi 3600, palibe njira ina yopindulitsa kuposa kukonza BIOS, ndiko kuika mtundu watsopano wa pulogalamu yoyendetsa motherboard, n'kuikamo Ryzen 5 5600, kapena 5700X3D ngati mwaipeza pa mtengo wabwino. RAM ndi yomweyo, motherboard ndi yomweyo, mwangosintha chinthu chimodzi. 5700X3D idatuluka mu Januwale 2024 pa madola 249, koma ma X3D a AM4 ayamba kusowa, ndipo ogulitsa zakale amawakweza mtengo mpaka kufika pamene kusamukira ku AM5 kumakhala kwanzeru. Womanga kompyuta yatsopano pa AM4 adziwe kuti msewuwu wafika kumathero.

AM5 idayamba mu Seputembala 2022 ndipo imalandira DDR5 yokha. AMD idalonjeza kuti ipitiriza kutulutsa mapurosesa a soketiyi mpaka 2027 kapena kupyola. Ndiye kuti mutha kuyamba ndi Ryzen 5 7600, imene idatuluka pa madola 229 ndi choziziritsira chake m'bokosi, pa motherboard ya B650 kapena B850, n'kudzaikamo X3D patapita zaka popanda kusintha china. 7600X idatuluka pa madola 299, ilibe choziziritsira, imadya magetsi ambiri, ndipo pa magemu imaposa 7600 pang'ono chabe. Palinso 7500F, imene ndi pafupifupi 7600 yopanda mbali yoonetsa zithunzi. 9600X idatuluka mu 2024 ndipo ndi yofulumirako, koma kusiyana kwake ndi 7600 pa magemu si kwakukulu. Itengeni mitengo ikayandikana.

Kwa Intel, soketi ya LGA1700 imalandira mibadwo ya 12, 13 ndi 14, ndipo pali ma motherboard a DDR4 ndi ena a DDR5. Motherboard imodzi silandira mitundu yonse iwiri, choncho werengani dzina lake bwino musanagule RAM. Core i5-12400F ya 2022, ya ma core 6 a P, idakali imodzi mwa njira zotchipa zomangira kompyuta yabwino, yofanana mphamvu ndi Ryzen 5 5600. Soketi imeneyi nayo yafika kumapeto. Yolowa m'malo mwake, LGA1851, idabwera mu Okutobala 2024 ndi banja la Core Ultra 200S, monga 245K, 265K ndi 285K. Amenewa amadya magetsi ochepa kuposa akale ndipo ndi amphamvu pa ntchito zolemera, koma pa magemu atatuluka sadapose m'badwo wa 14 pa magemu ambiri, ndipo adatsalira kumbuyo kwa ma X3D. 265K imakhala ndi nzeru kwa munthu wosewera komanso wokonza mavidiyo, ikapezeka pa mtengo wotsitsidwa.

Mitengo ya RAM idakwera kwambiri chakumapeto kwa 2025, moti kawerengedwe kakale kakuti "DDR5 yatchipa, ingopitani ku AM5" sikangatengedwe mwachisawawa. Onani mtengo wa tsiku limene mukugula. Amene ali ndi 16 GB kapena 32 GB ya DDR4 yabwino ali ndi chifukwa chomveka chokhalirabe pa AM4 kapena LGA1700.

Za RAM yomweyi: gulani timitengo tiwiri, osati kamodzi. Kamodzi ka 16 GB kamapatsa purosesa theka la msewu umene tiwiri ta 8 GB tikanapereka, ndipo 1% low imavutika. Pa motherboard ya malo anayi, tiwirito timalowa pa malo achiwiri ndi achinayi kuchokera ku purosesa. Pa AM4 mlingo wabwino ndi DDR4-3200 kapena 3600. Pa AM5 ndi DDR5-6000 ya CL30. Mukamaliza kumanga, lowani mu BIOS muyatse XMP kapena EXPO, zimene zimaika RAM pa liwiro lolembedwa pa paketi yake, apo ayi RAM yanu idzayenda pa liwiro lotsika la fakitale, ndipo anthu ambiri amakhala zaka osadziwa kuti sakulandira chimene adalipira.

Vuto la mibadwo ya 13 ndi 14 ya Intel

Ichi ndi chofunika makamaka kwa ogula zogwiritsidwapo kale ntchito. Mu 2024 Intel idavomereza kuti mapurosesa ena a mibadwo iwiriyi, makamaka ma i7 ndi i9 komanso ma i5 a K, ankapempha mphamvu ya magetsi yopyola muyeso, zimene zinkawononga chipu pang'onopang'ono. Zizindikiro zake ndi magemu kutsekeka okha, makamaka pamene akukonza ma shader poyamba, uthenga wonena kuti memory ya graphics card yatha pamene sinathe, ndi sikirini ya buluu. Kampaniyo idatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, microcode 0x129 mu Ogasiti ndi 0x12B mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo idawonjezera zaka ziwiri pa waranti. Zokonzazi zimateteza purosesa imene idakali bwino. Imene yawonongeka kale sichira. 13700K kapena 14900K yogulidwa kwa munthu, yopanda lisiti, ndi juga. Ngati muli nayo kale, konzani BIOS lero. M'badwo wa 12 sudakhudzidwe.

AMD nayo idakhala ndi vuto lake mu 2023, pamene ma 7000X3D ena adapsa pa soketi chifukwa cha mphamvu yokwera pa mbali ina ya chipu yotchedwa SoC, ndipo BIOS yatsopano idaika malire a 1.3V. Phunziro pa mbali zonse ndi limodzi ndipo ndi la ntchito: BIOS ya motherboard imene yakhalitsa m'sitolo ndi yakale, ikonzeni musanayatse EXPO kapena XMP.

Zilembo za kumapeto kwa dzina

Kwa Intel, F ikutanthauza kuti purosesa ilibe mbali yoonetsa zithunzi, ndipo popanda graphics card sikirini idzakhala yakuda. K ikutanthauza kuti mutha kuikweza liwiro, koma pa motherboard ya Z yokha, ndipo sibwera ndi choziziritsira. Kwa AMD, ma Ryzen 5000 opanda G alibe zoonetsa zithunzi. Ma 7000 ndi 9000, kupatula a F, ali ndi kochepa kokwanira kuonetsa Windows. A G, monga 5600G ndi 8600G, ali ndi zoonetsa zithunzi zotha kuyendetsa magemu opepuka pa mlingo wotsika, ndipo ndi njira ya munthu amene sangakwanitse graphics card chaka chino.

Kusunga ndalama pogula F kuli ndi mtengo wake wobisika. Graphics card ikafa kapena mukaikayikira, purosesa yokhala ndi zoonetsa zithunzi imakulolani kuyatsa kompyuta n'kufufuza vuto. Kumene chipangizo cholowa m'malo chiyenera kuchokera ku Johannesburg kapena kutali kuposa apo, masabata odikirawo ndi ambiri. Kusiyana kwa mtengo kukakhala kochepa, tengani yopanda F.

Kutentha ndi magetsi

Nambala ya ma watt ya pa bokosi, yotchedwa TDP, si mlingo weniweni wa magetsi amene purosesa imadya. Core i5-14600K imalembedwa 125W koma imaloledwa kufika 181W, ndipo i9-14900K imafika 253W. 7800X3D imalembedwa 120W, koma pa magemu imadya pansi pa 100W, nthawi zambiri pafupifupi theka la zimene i9 imadya pa gemu yomweyo. Ma watt owonjezerawo mumawalipira kanayi: pa choziziritsira chachikulu, pa power supply yaikulu, pa mayunitsi a magetsi, ndi pa UPS. Kwa amene amadalira inverter ndi mabatire magetsi akazima, kusiyana kwa ma watt 80 kapena 100 ndi mphindi zenizeni zosewera.

Oyesa ambiri amayesa m'zipinda za madigiri 21 kapena 22. Chipinda cha madigiri 33 mu Okutobala chimakweza kutentha kwa purosesa ndi pafupifupi madigiri omwewo amene chipindacho chakwera. Purosesa ikafika pa malire ake imadzitsitsa yokha liwiro kuti isapse, ndipo FPS imagwa pakati pa gemu. Ma Ryzen 7000 a X adapangidwa kuti azifika madigiri 95 pa ntchito yolemera, choncho nambalayo payokha isakuopseni. Chofunika kuyang'ana mu pulogalamu ya HWiNFO64 ndi ngati liwiro likutsika. Pa purosesa ya 65W choziziritsira cha m'bokosi chimakwana ngakhale chimachita phokoso. Cha nsanja imodzi chokhala ndi fani ya 120 mm chimakwanira ma core 6 aliwonse, ndipo cha nsanja ziwiri chimakwanira X3D ya ma core 8. Choziziritsira cha madzi sichofunika pa mapurosesa amenewa, ndipo chili ndi pampu imene tsiku lina idzafa. Fumbi la chilimwe limatseka timipata ta choziziritsira. Lipemerereni miyezi itatu kapena inayi iliyonse, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire.

Zogwiritsidwapo kale ntchito, ndi zimene zimalakwika pomanga

Purosesa ndi chimodzi mwa zipangizo zosafa msanga, kotero kugula yakale si kulakwa, kupatula ma Intel a mibadwo ya 13 ndi 14 aja tatchula. Makompyuta a mu ofesi monga Dell OptiPlex ndi HP ProDesk amakopa chifukwa cha mtengo, koma ambiri ali ndi power supply yaing'ono ya mawaya akeake, yopanda chingwe cha graphics card, ndipo bokosi lopyapyala limangolandira makadi aafupi. Onaninso m'badwo. Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi mbali ya chitetezo yotchedwa TPM 2.0, ndipo Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10 mwachizolowezi pa 14 Okutobala 2025. Magemu ena a mpikisano, monga Valorant pa Windows 11, amakana kuyamba popanda TPM 2.0 ndi Secure Boot. Pafupifupi i7 iliyonse ya m'badwo wa 6 kapena 7, itchipe bwanji, ili kunja kwa mpanda umenewu.

Pa AM4 timapini tili pa purosesa. Iyang'aneni mopendeketsa pa kuwala. Mizere yonse iyenera kuongoka. Pochotsa choziziritsira chakale, yambani mwayatsa kompyuta kwa mphindi zingapo kuti thermal paste, phala la pakati pa purosesa ndi choziziritsira, ifewe, muzimitse, kenako muchipotoze pang'ono uku ndi uku musanachikoke. Mukachikoka chozizira molunjika, purosesa imazuka nayo limodzi n'kupinda timapini. Pa AM5 ndi pa Intel timapini tili mu soketi ya motherboard, ndipo n'tosalimba kwambiri: purosesa imangoikidwa pamwamba pofananiza kachizindikiro ka makona atatu, osaikankha, ndipo kachivundikiro kakuda kamadumpha kokha mukatseka chogwirira. Kasungeni, chifukwa ogulitsa ambiri salandira motherboard yobwezedwa popanda iko.

Kompyuta yatsopano ikayaka koma sikirini ili yakuda, zifukwa zake zimakhala zomwezomwezo. Chingwe cha sikirini chalowetsedwa ku motherboard m'malo mwa ku graphics card. Chingwe cha mapini 8 cha purosesa, chimene chimalowa kumtunda kwa motherboard, chaiwalika. RAM sinakhazikike mpaka kulira kuti tha. Kapena BIOS siidziwa purosesayo, monga B450 yakale ndi Ryzen 5000, kapena B650 yakale ndi Ryzen 9000. N'chifukwa chake pogula motherboard ndi bwino kusankha yokhala ndi batani la BIOS Flashback kumbuyo, limene limalola kukonza BIOS ndi flash disk popanda purosesa yogwira ntchito. Pa AM5, kuyatsa koyamba kumatha kutenga mphindi zingapo sikirini ili yakuda pamene motherboard ikuyesa RAM, musazimitse msanga. Ndipo ngati purosesa ikufika madigiri 90 mutangotsegula Windows, chotsani choziziritsira muone pansi pake: mwina kapulasitiki koteteza kamene kamabwera katamatidwa pamenepo kadakalipo.

Pa kagawidwe ka ndalama, pa kompyuta ya magemu graphics card iyenera kudya gawo lalikulu kuposa chipangizo china chilichonse, kawirikawiri kuwirikiza kawiri mtengo wa purosesa kapena kuposa. Wosewera pa sikirini ya 60 kapena 75 Hz, kapena wokhala ndi khadi ya mlingo wa RTX 4060 kapena RX 7600, akwanitsidwa ndi Ryzen 5 5600 kapena i5-12400F. Wa 1440p pa 144 Hz ndi khadi yapakatikati apeza zonse zofunika mu 7600 kapena 9600X. 7800X3D ndi 9800X3D ndi za munthu wa sikirini ya 240 Hz, wa khadi ya pamwamba, kapena wa magemu aja olemetsa purosesa. Ngati mwasankha kugula yakale, pemphani wogulitsa aiyatse pamaso panu, muone dzina lake mu pulogalamu ya CPU-Z chifukwa zolemba za pa chivundikiro zimatha kusinthidwa, kenako muyendetse Cinebench, pulogalamu yoyesa purosesa poipatsa ntchito yolemera, kwa mphindi 10 mukuyang'ana kutentha ndi liwiro mu HWiNFO64. Ikatsekeka kapena kuzima pa mphindi 10 zimenezo, isiyeni pomwepo.